Timizere Tiwiri Tabuluu

Kale, mapulazi asanalandidwe, wa ku Malawi akamwalira kuno ku Mutare uthenga unkayenda pa njinga. Wopalasa anali Che Hakimu, komboni ndi komboni mpaka ku Odzi. Akafika ankayamba akhala pansi, kulandira moni, kenako n'kunena kuti kwagwa zovuta. Lero uthenga umayenda pa Watsapu, ndipo Che Hakimu amangogulitsa eyataimu pageti la mzikiti.

Che Twaibu a ku Hobhouse, amene anadwala nthawi yaitali, anatisiya Lachitatu m'mawa. Kwa ife Asilamu maliro sagonera. M'bale wawo anatsala mmodzi yekha, Che Jamali, wogwira ntchito m'munda wa nthochi ku Burma Valley. Awiriwa anapangana kalekale, tonse tikudziwa, kuti wotsalayo ndiye adzatsike m'manda kukalandira mnzake.

Hajira, mwana wa malemu, analemba uthenga pa Watsapu n'kutumiza kwa Che Jamali. Posakhalitsa timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu.

"Awerenga," anatero Hajira.

"Wawamva mawu awo, mwanawe?" anafunsa Che Hakimu.

"Foni sikulowa. Netiweki yakumeneko mukuidziwa inu. Koma awerenga, onani."

"Ndikwere kombi ndikawatenge?"

"Aa, mungosemphana panjira."

Tonse tinasuzumira pafonipo n'kumagwedeza mitu ngati tawaona Che Jamali ndi maso. Nzeru zathu zinathera pomwepo.

Tinadikira. Shehe ankangoyang'ana dzuwa. Pemphero la Swala yamadzulo litatha, amuna ananyamula maliro pa jeneza, ndipo m'manda munatsika bambo wina wa nyumba yoyandikana nayo. Ndiye pakamwa pa anthu, ee! Akuti m'bale wanji ameneyu, wawerenga n'kukhala chete, nthochi zamukoma kuposa m'bale wake. Hajira anapsa mtima mpaka anafufuta nambala yawo.

Zoona zake tinadzazimva mochedwa. Foniyo Che Jamali anali ataigulitsa kwa kapitawo wa papulazi, ndi layini yomwe, kuti agulire akulu awo mankhwala. Kapitawoyo anatsegula uthenga, anaona Chichewa chimene samva, basi n'kubweza foni m'thumba.

Loweruka masana Che Jamali anatulukira pakona ya takishopu, mkoko wa nthochi uli paphewa. Anaona azimayi tili pamikeka pabwalo, koma sanaime. Anatula nthochi pakhomo n'kuvula nsapato.

"Zapsa bwino izi, achimwene atha kumeza. Ali kuchipinda?"

Che Hakimu anadzuka, anawagwira dzanja, anawakhazika pansi. Anawapatsa moni kaye monga kale, kenako n'kuwauza.

Che Jamali sanalire. Anayang'ana nthochi zija nthawi yaitali, kenako anatiyang'ana ife mmodzimmodzi.

"Anawalandira ndani m'mandamo?"