Mpando Wanga ku Msonkhano wa Nsanja

Tumpale, mwana wa mchimwene wanga, amagulitsa mapeyala pafoni. Vuto lake netiweki: kwathu kuchigwa kulibe, mpaka ukwere phiri. Wogula wake wamkulu wa ku Dar es Salaam anali atamuuza kuti akapitiriza kuyankha mawa lake, apeza wina.

Ndiye kunabwera msonkhano ku Tukuyu wokambirana poika nsanja ya intaneti. Mipando isanu: boma, kampani ya mafoni, aphunzitsi, bungwe lothandiza, ndi anthu wamba. Mpando wa anthu wamba unali wa Tumpale, koma iye anali ndi dengu loti apakire, nati, "Azakhali, pitani mukangokhalapo. Chonde musakayankhule."

Ine?

Wapampando, a Mwakalinga, anafotokoza lamulo lawo. Kuvota kulibe. Nkhani imadutsa pokhapokha palibe wokana.

"Ngakhale nkhalamba imodzi?" ndinafunsa.

"Ngakhale imodzi, mayi."

Anaseka. Inenso ndinaseka.

Mtsikana wa bungwe anaimirira ndi pepala. Akuti anafunsa anthu mazana atatu, ambiri akufuna nsanja pafupi ndi maofesi.

"Munawafunsira kuti, mwanawe?"

"Pa intaneti, agogo."

"Aa! Ndiye munafunsa okhuta ngati ali ndi njala?"

Mphunzitsi anatsamwa ndi tiyi. A Mwakalinga anati, "Pali wokana?" Ndinakweza dzanja.

Anafotokozanso pang'onopang'ono, ngati ndine wogontha. Dzanja m'mwamba. Wa kampani anajambula mizere pa bolodi. Dzanja m'mwamba. Nthawi ya nkhomaliro inadutsa, fungo la pilau likulowera pazenera, mimba za mabwana zikulira. Ine ndinali nditadyeratu nthochi zophika m'basi.

"Mayi, kodi mukufuna chiyani?"

"Lachisanu mudzamalizire nkhaniyi kwathu, pamsika. Mukadzafunabe za kumaofesi, dzanja nditsitsa."

Anavomera chifukwa cha pilau.

Lachisanu anabweradi. Wa kampani anafuna kutsegula mapu ake pafoni, zii. Wa boma anafuna kuimbira bwana wake, zii.

"Netiweki mumaipeza pati?"

Tumpale anawalozera phiri. Anakwera onse, nsapato zonyezimira m'matope, a Mwakalinga akupuma ngati ng'ombe yolima. Ine ndinatsala pansi ndikusenda peyala.

Atatsika, thukuta kamukamu, a Mwakalinga anakhala pa dengu. "Nsanja pamsika pano. Pali wokana?"

Onse anayang'ana dzanja langa. Ndinalikweza pang'ono, n'kukanda nalo m'mutu.

Wogula wa ku Dar uja akadali wa Tumpale. Masiku ano amayankhidwa asanamalize n'kufunsa komwe.