Nkhunda za Malemu Levison

Bambo Gilford atangokhoma malata ofiira pa nyumba yawo, nkhunda zanga zidasanduka mfiti. Zaka zonsezi takhala pa puloti imodzi kuno ku Biwi, iwo m'nyumba yaikulu kutsogolo, ine m'nyumba yawo ya lendi kuseri, ndipo sadadandaulepo. Maunda ndikawapatsa ankakukuta ndi mafupa omwe. Koma denga litafiira, nawonso maso adafiira.

Nkhundazo adandisiyira mwamuna wanga Levison. Anali kalipentala ku Mchesi, ndipo khola adakhoma yekha ndi zidutswa za matabwa zotsala ku ntchito. Atamwalira, abale ake adanyamula mipando, wailesi ndi zida zonse misozi isanaume. Khola adalisiya poti ati linkanunkha. Choncho pa zonse za Levison, chamoyo chomwe chidanditsalira ndi mbalamezo, ndipo zikamalira m'mawa ndinkamva ngati munthu uja akadali kuseri akupala thabwa.

Tsiku lina mu June Bambo Gilford adandipeza ndikuchapa. Adandilozera zitosi pa denga lawo.

"Mayi Elube, musankhe. Nkhunda kapena nyumba."

Ndidaimirira manja ali thovu. Ndidawauza kuti bwalo loyera lomwe amanyadira pamaso pa alendo silisesedwa ndi tsache lokha. Mphepo imabweretsa njere za udzu kuchokera ku ngalande, amayi a pa puloti akamapeta chimanga cha ku chigayo amataya zambiri, ndipo zonsezo zimatoledwa ndi nkhunda, tsiku lonse, popanda wozituma. Ndidati zikachoka, nthaka imeneyi ibereka zomwe simudabzale. Iwo adaseka mpaka kutsokomola, ati ndayamba liti kuphunzitsa zaulimi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la eni nyumba ndi lolimba.

Nyumba za lendi ku Biwi sizipezeka ngati tomato. Ndidagonja, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndidagonja. Ndidaika nkhunda m'makatoni oboola, kukwera nazo minibasi ziwiri mpaka ku Nsungwi, ku Area 25, kwa mchimwene wanga Weston. Iye adazizula nthenga za m'mapiko kuti zisathawe. Khola ndidaligwetsa, koma matabwa ndidawasunga pansi pa bedi. Bambo Gilford atawapempha kuti akhale nkhuni, ndidawayankha kuti ayambe asonkhera zitseko zawo.

Chilimwe chonse pabwalo padali zii. Mphepo idaomba, amayi adapeta, ndipo palibe adatola kanthu. Oyamba kuthokoza adali makoswe. Adabwera ndi mabanja awo kudzadya zotayika m'mbali mwa mpanda, ndipo atakhuta adapeza njira ya kudenga lofiira lija.

Mvula itagwa mu December, puloti yonse idabiriwira ngati dambo. Sikuti kale sipankamera kanthu ayi, koma tinkangozula apa ndi apo popita ku bafa. Chaka chino kudamera chisoso mpaka pa khonde, udzu wofika m'mawondo, ndi bonongwe wa minga amene sindidamuonepo pano chibwerereni. Akazi a Bambo Gilford, Mayi Zipora, ali ndi kadimba ka mpiru kuseri kwa khitchini, komwe amagulitsako pa msewu. Mpiruwo udamira. Mayiwo ankazula zomerazo Lolemba, pofika Lamlungu zina zatuluka. Mayi wofatsa uja, amene pakamwa pake sipatuluka mawu mwamuna wake ali pafupi, ndidamuona atakhala pa ndowa akuchotsa minga m'manja.

Bambo Gilford adalamula kuti aliyense wa lendi azilambula Loweruka lililonse. Anzanga adatuluka ndi makasu. Ine ndidatulutsa mpando, kukhala pa khomo panga n'kumaluka. Atandifunsa, ndidati olambula anga adawathamangitsa okha, ndiye akawatenge. Adandiopseza, ine osasuntha. Ndidali nditatopa nako kugonja.

Kumapeto kwa January, m'mawa ndikuyatsa mbaula, ndidamva mapiko. Poyang'ana, tambala wa nkhunda wotuwa, yemwe Levison ankamutcha Sajeni, ali pamwamba penipeni pa malata ofiira, akuzungulira ndi kudzitukumula. Kenako zidatera zina, kenako zinanso. Weston adandiimbira foni akupepesa, ati adatopa nako kuzula nthenga, ndipo atangotsegula khola zidazungulira kamodzi n'kulunjika kum'mwera. Ndidalira, osabisa. Akulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, koma zangazi zidadutsa tauni yonse kubwerera ku ndewu yomweyo.

Sindidadikire chilolezo. Ndidasolola matabwa pansi pa bedi, kubwereka hamala kwa oyandikana nawo, n'kuyamba kukhoma. Mkokomo wa hamalayo ndi umene udatulutsa Bambo Gilford, malaya osamanga mabatani. Anthu a pa puloti nawo adatuluka, ena ndi misuwachi kukamwa.

"Mwezi uno ukatha, mundipatse makiyi anga."

"Makiyi ndikupatsani, bambo," ndidatero, msomali uli pakamwa. Ndidaulavula. "Ine mutha kundisamutsa, ndili ndi katundu wonyamula. Izi zilibe katundu. Ndidazipititsa ku Area 25, mwaona nokha. Ndikapita nazo ku Chinsapo zidzabweranso, ndipo khola likadzasowa zizidzagona pa denga lanulo. Kaziuzeni nokha za makiyi."

Adayang'ana kumwamba. Sajeni adali atasiya kale chizindikiro chake pa lata. Bambo Gilford adatola mwala, ndipo apo ndiye ndidaopa zenizeni, poti dzanja la munthu wochita manyazi silidziwa malire. Koma mwala woponyera nkhunda ukadagwera pa malata awo omwe, ndiye adangoima nawo m'manja.

Nkhunda zina zidali zitatsikira kale mu udzu, mitu pansi, ngati sizidachokepo. Pamenepo chitseko cha khitchini chidatseguka. Mayi Zipora adatuluka ndi lichero la madeya osakaniza ndi misere. Sadayang'ane ine, sadayang'ane amuna awo. Adadutsa pakati pathu, zala zawo zili zomangamanga ndi tinsanza chifukwa cha minga ija, nakaima m'mbali mwa kadimba kawo. Adatapa dzanja limodzi n'kuwaza.

Gulu lonse lidatsika padenga nthawi imodzi, mphepo ya mapiko mpaka kuwakupiza Bambo Gilford malaya.

"Amayi, mukutani?" adafunsa amuna awo.

"Ndikulandira antchito anga," adatero Mayi Zipora, natapanso kachiwiri.

Ine ndidatola msomali uja pansi n'kupitiriza kukhoma.