Nyale Yofiira ya a Batani

Chitsiriza anatseka shopu yake yosokeramo m'mamawa, diresi la mwini likadali pansi pa singano, n'kukwera basi yopita ku laibulale ya nyumba ya malamulo. Anali mayi wa ana atatu, koma dzinalo linamukanirira chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa. Anamutuma ndi bambo ake, amene anali gone m'chipatala mapapo atadzaza fumbi. Adokotala anali atasiya kukamba za mankhwala, ayamba kufunsa ngati abale onse adziwitsidwa.

Bambowo anakalambira pa fakitale yophwanya miyala. Anzawo ankawatcha a Batani, poti ndiwo ankakhala pa bolodi loyatsira ndi kuzimitsira makina. Amuna a pafakitalepo atayamba kutsokomola ndi kufa mmodzimmodzi, komiti ya aphungu inaitana mabwana a kampani pamodzi ndi woimira antchito. Antchito anasankha a Batani, munthu wosamwa komanso wosanjenjemera pamaso pa bwana. Anapita atavala jekete yobwereka. Koma lipoti la komiti litatuluka, linati m'zokambirana simunapezeke dandaulo lililonse lochokera kwa antchito. Nkhani inathera pomwepo, fumbi linapitirira.

Pakamwa pa anthu sipachedwa. Mbiri inawanda kuti a Batani anadya chibanzi, anakangokhala duu kumeneko ngati mlendo pa ukwati. Akazi amasiye anasiya kuwayankha moni. A Makaniko, mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo, amene mng'ono wawo anali woyamba kufa, anakumana nawo pageti, analavula malovu pansi n'kudutsa. Kuyambira tsikulo sanalankhulanenso.

Kunyumba a Batani ankaifotokoza nkhaniyo mpaka ana ndi adzukulu omwe anailoweza. Ankayamba ndi makapeti a m'chipindamo, kenako madzi a m'mabotolo, kenako kanyale kofiira kamene anakapeza kakuyaka pa maikolofoni yawo. Apa ndiye ankanyadira. Anthu ophunzira odzaza chipinda, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakaona. Iwo anadina batani, kanazima, ndipo anayamba kulankhula. Lamulo la pabolodi ndi limenelo: yofiira ikayaka pali vuto, suyamba ntchito isanazime. Akatero ankatchula maina a akufa onse monga anawatchulira pamaso pa aphungu, mmodzimmodzi, ndi ana amene aliyense anasiya.

Zaka zonsezo a Batani anakana kukafufuza zolembedwazo, amvekere choonadi sichipempha pepala. Koma imfa ikaima pakhomo munthu amafewa. Dzulo lake anamukoka Chitsiriza pafupi, chifukwa mawu anali atatsala a kunong'ona okha, n'kumuuza kuti akatenge tsamba limene pali mawu awo. Anali atatumiza kale uthenga kwa a Makaniko kuti abwere masana pa nthawi yoona odwala, adzamve ndi makutu awo.

Pakhomo la laibulale mlonda anamulanda chikwama n'kumupatsa kakhadi kokoleka m'khosi. M'katimo munali mozizira, monunkha mapepala akale ndi polishi. Mabuku a zokambirana, ofanana msinkhu ndi mtundu, anandanda mpaka kudenga. Woyang'anira anali mayi wachikulire wa juzi ndi magalasi a chingwe. Anamvetsera osamudula, n'kumukhazika pambali pake pa kompyuta. Anati chilichonse cholankhulidwa m'nyumbamo ndi m'makomiti chimalembedwa, ngakhale kuseka kumene. Chitsiriza anamva mtima kukhala pansi.

Analemba dzina la bambo ake. Palibe chinatuluka. Woyang'anirayo anati zisamudetse nkhawa, anthu wamba nthawi zina amangolembedwa kuti mboni. Analemba mawu akuti fumbi, ndipo kompyuta inakhuthula masamba osawerengeka: aphungu akudandaula za fumbi la m'misewu, wina akuti fumbi lamuonongera suti, wina akuopseza mnzake kuti adzamudyetsa fumbi pa chisankho. Analemba dzina la fakitale, panatuluka phungu akuiyamikira kuti ndi mayi wodyetsa dera lonse. Chitsiriza anatsonya mosazindikira.

Woyang'anira anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anangogwedeza mutu, koma mumtima anati kudekhako n'kwa anthu amene bambo awo akupuma bwino. Anayamba kupatula chaka, kenako komiti, kenako mwezi. Mweziwo anaukumbuka chifukwa cha jekete ija, poti ndiye anaipinda mikono, ali ndi pakati pa mwana wake woyamba.

Tsikulo linapezeka. Mawu a bwana wa kampani anadzaza masamba ndi masamba, osaphonya ndi limodzi lomwe. Panali ngakhale nthabwala yake ya magalimoto, ndipo pansi pake analemba kuti anthu anaseka. Chitsiriza anatsitsa tsambalo mpaka anafika pamene ankafuna.

Wapampando: Tsopano timve kwa woimira antchito.
Mboni: (Sizinamveke.)
Wapampando: Mwatalikitsa, bambo. Nthawi yatha, zikomo.

Anawerenga kawiri. Anakweza tsamba, anatsitsa, kuganiza kuti mwina mawuwo athawira kwina. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Ananena kuti awa ndi mabodza, bambo ake anakulira kukuwa pakati pa makina, akanong'ona kuchipinda anthu amamva panja. Anthu amenewa anafufuta dala.

Woyang'anira sanakwiye. Anavula magalasi n'kufotokoza kuti olemba sakhala m'chipinda cha komiti. Amakhala kwina, mahedifoni kumakutu, n'kumalemba zimene makina ajambula. Munthu wa mawu aakulu m'chipinda chaching'ono onse amamumva bwinobwino, ndipo palibe amazindikira kuti maikolofoni yake siikugwira.

“Zimachitika, mwanangu,” anatero. “Ena amaiwala kuyatsa. Kanyale kofiira kakapanda kuyaka, ndiye kuti kwa olembawo sikukupita kanthu.”

“Kofiira?”

“Eya. Kofiirako ndiye kuti yayaka, lankhulani.”

M'maganizo Chitsiriza anaona chala cha bambo ake chikudina patebulo lodyera, monga chinkadinira nthawi zonse nkhani ikafika pamenepo, adzukulu akuwomba m'manja. Anafunsa ngati zojambulidwazo zilipo penapake. Woyang'anira anati zilipo, koma akangomva mipando kukhuluka ndi anthu kutsegula mabotolo. Anamusindikizira tsambalo, anadindapo chidindo, n'kumusisita paphewa osadziwa chimene wanena.

M'basi Chitsiriza anaganiza zoling'amba tsambalo. Anaganizanso zokaliwerenga mwabodza, poti mawu onse a bambo ake anali nawo pamtima. Koma a Makaniko si munthu woti n'kumuwerengera pepala iye ali ndi maso.

Kuchipatala anapeza a Makaniko atafika kale, atakhala pampando wachitsulo kumiyendo kwa bedi, chipewa chili pabondo. Nawonso anali atatha, mpweya ukulira m'chifuwa ngati ketulo. Amuna awiriwo sankayang'anana. A Batani ataona pepala m'manja mwa mwana wawo, maso anawala, ndipo anayesa kudzuka mpaka paipi ya mpweya inasuntha pamphuno.

Chitsiriza anayambira pansi pa tsambalo. Anawerenga mawu a wapampando mokweza, kuti mwatalikitsa, bambo, nthawi yatha. Anawabwereza, akuyang'ana a Makaniko. Munthu wodya chibanzi satalikitsa. A Makaniko anasuntha mpando pang'ono kuyandikira bedi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mnzawo kumaso. Chitsiriza anafuna kupinda pepalalo kuti zithere pomwepo.

“Zanga, amayi,” ananong'ona a Batani kwa mwana wawo. “Werengani zanga. Maina aja.”

A Makaniko anali atatambasula kale dzanja. Ankafuna kuona dzina la mng'ono wawo litalembedwa m'buku la boma. Anavala magalasi, anayendetsa chala pamzere, n'kuwerenga liwu limodzilo pang'onopang'ono monga awerengera anthu a kuwokoshopu. Anafunsa kuti sizinamveke bwanji, munthu wa mawu ngati awa.

A Batani anapukusa mutu mwamphamvu. Anayamba kufotokoza modukizadukiza kuti zonse anazichita mwadongosolo, kuti anapeza kofiira kakuyaka, n'kudina. Chala chawo chinadina pabulangete. A Makaniko anavomereza ndi mutu, poti nawonso lamulo la pabolodi ankalidziwa. Kenako onse awiri anatembenukira kwa Chitsiriza kuti awauze amene anaba mawuwo.

Iye anayang'ana pansi. Ndi telala, amadziwa kubisa msoko, koma nkhope yake sinaphunzirepo kubisira bambo ake kanthu. A Batani anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anakhala pa mabatani moyo wonse, sanafunikire wina wowamasulira.

“Amayi,” anatero. “Kofiira kaja...”

Chitsiriza anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja lawo, misozi ikugwera pabulangete. Bamboyo analichotsa dzanjalo pang'onopang'ono, anayang'ana chala chawo, n'kuchibisa m'kati mwa chibakera. Anatembenukira kukhoma. A Makaniko anakhalabe pampando, pepala lili m'manja, akufufuza dzina la mng'ono wawo kuseri kwake kumene kunalibe kanthu.