Botolo la Bethany Limene Silinkatha

Ndalera ana asanu m'nyumba ya ku Kabwata, zaka zambiri ndili ndekha mwamuna wanga Wilbroad atamwalira, ndipo palibe mwana anagona ndi njala. Chinsinsi changa chinali madzi. Jusi wa alendo ndimathira madzi. Sopo wotsukira mbale ndimathira madzi. Msuzi wa nkhuku ndimathira madzi mpaka nkhukuyo imaiwalika. Ndinkanyadira luso limeneli, chitsiru ine, mpaka linatsala pang'ono kundilanda mdzukulu.

Bethany ndi mwana wa Febby, mwana wanga wotsiriza. Ali ndi zaka ziwiri. Febby amagulitsa nsapato m'tauni, mwamuna wake Brian amayendetsa thiraki, ndiye amakhala m'chipinda changa chakumbuyo ndipo mwana amaswera ndi ine. Amake Brian, ba Exildah a ku Chelstone, ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo akhala akumufuna mwanayu chibadwire. Amati kwanga kuli fumbi. Ngati kuti fumbi la ku Chelstone limalankhula Chizungu.

Lolemba lina Bethany anadzuka thupi lili moto, akukoka khutu. Ndinamubereka mpaka ku kiliniki. Anamuyeza, nati khutu latupa m'kati. Nesi wina wamng'ono anandipatsa botolo la ufa woyera ndi kasirinji kopanda singano.

"Ambuya, muwilitse manzi, yazizile, muike mpaka pa mzele apa. Muzikhutchumula musanamupatse. Katatu pa siku, masiku asanu, osadumpha. Ndiponso..."

"Ndamva, mwana iwe. Ndinayamba kumwetsa ana mankhwala iwe usanabadwe."

Anapitiriza kulankhula, koma ine ndinali nditatembenuka kale kukalipira mayi wina amene anandiponda phazi. Mayiyo anamva mawu anga onse. Ine a nesi sindinamve ngakhale theka.

Kunyumba ndinachita bwino, ndisadzinamizire. Madzi ndinawiritsa, ufa unasanduka wapinki wonunkhira ngati switi, botolo ndinaliika mu furiji. Pofika Lachitatu Bethany anali akuthamangitsa mphaka.

Tsiku lomwelo anagogoda mnansi wanga, amake Mwenya, amene timamutcha bana Mwenya, napereka moni wa kwao.

"Shani, ba mayo? Mwenya akhosomola maningi. Ku kiliniki mzele wafika mu msewu. Mungandigawileko kamankhwala ka Bethany?"

Mayi ameneyu anaphika masiku atatu pa maliro a Wilbroad, osakhala pansi. Ndikanamukaniza ndi pakamwa pati? Ndinamuthirira m'kapu. Atapita ndinayang'ana botolo: latsika kwambiri. Febby akaona afunsa. Ndiye manja anga anachita chimene amadziwa. Ndinadzaza madzi mpaka pa mzere. Owiritsa, ndithu, ozizira bwino, monga ananenera nesi. Ndinadzimva ngati dokotala.

Lachinayi bana Mwenya anabweranso ndi kapu yomwe ija. Ndinagawanso, ndinadzazanso. Pinki uja anayamba kuoneka ngati madzi ochapira chitenje chakale.

Loweruka m'mawa Bethany anadzuka akulira kuposa poyamba, mafinya akutuluka m'khutu. Febby anatsegula furiji, nanyamula botolo, naliyang'ana pa windo nthawi yaitali.

"Amai, masiku asanu yapita. Nanga botolo ikali yodzaza bwanji?"

"Mankhwala ena ndi odalitsika."

"Amai."

"Ndinathirako timadzi pang'ono."

"Kangati?"

"Kawiri. Koma owiritsa!"

Anaika botolo m'chikwama, nabereka mwana. Ndikanakonda anditukwane, chifukwa pa kutukwana palibe angandipose, koma kukhala chete ndilibe nako zida.

Ku kiliniki tinapeza nesi yemwe uja. Febby anaika botolo patebulo, ine ndinaulula zonse ngati kwa abambo mfumu.

"Ambuya, iyi si jusi," anatero nesi. "Mankhwala mukayasungunula siyapha tuzilombo, yamangotugwedeza. Twamene twatsala tumalimba. Mwana anaoneka monga wapola koma matenda yanali yakalimo. Manje tifunika kumupatsa ena yamphamvu, masiku seveni. Na uja wa aneba mwamupatsa mankhwala osamupima. Mubwele naye lelo."

Pabenchi anthu anali kumvetsera ngati wayilesi. Wina anaseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za mphuno yake, koma Bethany anabuula kumsana kwa amake, ndipo ndinatseka.

Masana omwewo ndinamukoka bana Mwenya ndi mwana wake mpaka ku kiliniki. Pobwera ndinapeza Febby akulongedza zovala za mwana.

"Apita ku Chelstone."

"Kwa mayi wa magalasi uja? Mwana wanga ndi uyu, ndinamudula ndine tsitsi loyamba!"

"Khutu nayo ni yake, amai. Ali nayo yabili chabe."

Masiku asanu ndi awiri ndinakwera minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Ndinkapita kukafuna cholakwa. Ba Exildah anali atamata pepala pa furiji, lolembedwa maola, akuchonga ndi bolopeni yofiira. Ankakhutchumula botolo, kukoka mankhwala mpaka pa nambala yake, kulowetsa kasirinji m'mbali mwa tsaya pang'onopang'ono. Ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Cholakwa sindinachipeze. Ngakhale fumbi.

Tsiku lachisanu mwana anali bwinobwino, akuimba. Ndipo pakamwa pangapa, pamene Mulungu anandipatsa kuti andiyese napo, panati:

"Wachira uyu. Otsalawo bwanji osasunga, angadzathandize tsiku lina?"

Ba Exildah anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amake Febby, mwabwereza giredi."

Ndinameza. Zinali zowawa kuposa mankhwala alionse.

Tsiku lomaliza, Febby ali pomwepo, ba Exildah anandipatsa botolo ndi kasirinji m'manja.

"Omaliza mumwetse ndinu. Ife tiona."

Ine, mayi wa ana asanu, kulemba mayeso pamaso pa mphunzitsi. Ndinakhutchumula. Ndinakoka, ndinapitirira nambala, ndinabweza, ndinayang'ananso pa kuwala. Bethany anameza, nanyambita milomo, nandigwira chitenje. Ba Exildah anachonga bokosi lomaliza.

"Mutengeni," anatero. "Sabata yonse akungoitana ambuya a ku Kabwata, ndipo wandiswera mbale ziwiri. Koma akadwalanso, pepala ili likamatidwe pa furiji yanu, ndipo ndidzabwera kudzaliona."

Ndinayang'ana Febby. Anagwedeza mutu, nandipatsa chikwama cha zovala.

Ba Exildah anabweradi Lamlungu lotsatira, mwana asakudwala n'komwe, kudzangoona fumbi langa. Ndinawapatsa jusi. Anamwa pang'ono, nakweza tambula pa windo, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Owiritsa," ndinatero.