Nkhwangwa ya msilikali Hezron

Ine ndiye ndinali thenga wa Hezron, mwana wa mlongo wanga, pokafunsira Isabella ku Katowo mu 1979. Mwamwambo mnyamata sapita nawo, koma bambo a mtsikanayo, a Manasseh, anati akufuna amuone ndi maso awo. Ndinamuuziratu m'njira kuti, "Iwe, tikafika pakamwa utseke, woyankhula ndine." Koma mwana akavala yunifomu ya usilikali amamvanso za malume?

Titangokhala pansi, a Manasseh anamuyang'ana kuyambira chipewa mpaka jombo.

"Kodi ku usilikali masiku ano nkhwangwa ndi mikondo mumagwirabe?"

Hezron anaseka. Kuseka pamaso pa apongozi, abale inu!

"Adada, zimenezo n'zamakedzana. Ife ndi mfuti basi. Ine chigwirire nkhwangwa papita zaka zitatu."

Ndinamuponda phazi, koma jombo ya msilikali simva kanthu.

"Yewo chomene, mwatithandiza," anatero a Manasseh. "Kuno mawere timalima pa visoso. Timadula nthambi, n'kuwotcha, n'kufesa paphulusapo. Tsono munthu woiwala nkhwangwa, ntchito ikadzatha, mwana wanga adzam'dyetsa zipolopolo? A thenga, muyende bwino."

Basi, nkhani yathera pomwepo. Kuseri kwa nkhokwe ndinamva lichero likugwa. Anali Isabella, amamvetsera. Ine mtima unandiwira, ndinafuna kum'menya khofi mnyamatayo, yunifomu yakeyo ndi boma lake lomwe.

Hezron anaimirira. Kenaka anavula malaya n'kuwapinda bwinobwino.

"Adada, ndibwerekeni nkhwangwa."

Pabwalopo panali chipika cha muwanga chimene anyamata a pamudzi anachilephera. Anachizungulira kamodzi, n'kulavulira m'manja. Kha! Kha! Kachisanu chinang'ambika pakati ngati dzungu. Sanaime, anachiwaza chonse, nkhuni n'kuziunjika mwadongosolo. Amayi a pamudzipo anasiya kusinja n'kubwera kudzaonerera.

A Manasseh anam'gwira dzanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali gwaa ngati chikopa cha ng'ombe.

"Mfuti ndiyo imachititsa zimenezi?"

Mnyamata anayang'ana pansi. Ndinamumvera chisoni, ndisaname.

"Adada, ndinakunamizani. Ine ndili kukhitchini. Ndimawaza nkhuni zophikira asilikali mazana awiri, m'mawa ndi madzulo. Mfuti ndimaigwira pa perete pokha, nayonso yopanda chipolopolo."

Ha, phwete limene linaphulika pamenepo! Mayi wina anakhala pansi atagwira nthiti. Ngakhale Isabella anatulukira kuseri kuja, misozi ili m'masaya, akuseka chomwecho. Hezron anangoima chilili, chifuwa pamtunda, ulemu wonse umene anabwera nawo kuchokera ku kampu ya asilikali ku Zomba utathera pabwalo la eni.

A Manasseh okha ndiwo sanaseke. Anandikankhira mpando ndi phazi.

"A thenga, khalani pansi tikambe za ukwati. Koma msilikaliyu asakhale ayi. Kuseri kwa khola kuli zipika zina zisanu."