Tsiku Lomwe Tinazira Mauvuni

Pakamwa panga ine mumapadziwa. Padoko pathu pano, m'mbali mwa Chiuta, akangoti Fauziya wayamba, ngakhale akhwangwala amakhala chete. Koma Lachinayi lapitali pakamwa pomwepa panauma gwaa, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pakati pa mauvuni ndimawerama ngati ndataya singano. Manyazi, anthuni, manyazi oti sopo sangachotse.

Ndiyambe ndi achemwali anga, a Lukiya. Ndiwo anandilera mayi atamwalira, ndipo anandilera ndi nsomba zowamba. Kuyambira pa utsikana wawo akhala akuwerama pa uvuni, kutembenuza mlamba ndi makumba, utsi ukuwalowa m'maso ndi m'chifuwa. Kale nkhuni zinali nkhuni. Masiku ano mitengo inatha, timangosonkha zitsononkho, mapesi, bango, ena mpaka zidutswa za maukonde otha. Utsi wake ukakupeza umalira usanafedwe. A Lukiya tsopano amatsokomola moti uli kumsika umadziwa kuti adzuka. Kuchipatala anawauza kuti asayandikirenso utsi, iwo n'kufunsa kuti, "Nanga anawa azidya mphepo?" Anabwerako n'kukayatsa uvuni tsiku lomwelo.

Bungwe lina linatisiyira katenti kowumitsira nsomba ndi dzuwa. Ndi kanyumba ka pulasitiki yowala, mkati muli mathandala. Umayala nsomba, dzuwa limagwira ntchito yake, nsomba zimatuluka zoyera, zopanda mchenga, zopanda ntchentche, munthu osatsokomola n'kamodzi komwe. Vuto lake n'kakang'ono. Mukalowa amayi awiri, wachitatu amadikira panja. Tonse otsala tinkabwerera ku utsi.

Ndiye tinapanga gulu lathu, Dzuwa Ndi Lathu, ine wapampando chifukwa cha pakamwa pomwepa. Cholinga chinali chimodzi: khonsolo iike tenti yaikulu ya dzuwa m'mapulani a chitukuko, yokwana doko lonse. Tayenda ife! Misonkhano ya m'dera, misonkhano ya ku Liwonde, kukwera malole a nsomba fumbi lili thoo m'mano. Kwina ankatiuza kuti nthawi yatha, ine n'kuima pakhomo kuti ndilankhulira pomwepa. Wina anati amayi a kudoko angadziwe chiyani za mphamvu ya dzuwa, ndinamuyankha kuti dzuwalo limatiwotcha ife, iye limamupeza m'ofesi kudzera pawindo. Potsiriza a khonsolo anavomera. Tenti yaikulu, yokhala ndi mapanelo oyendetsa mafani, inalowa m'mapulani. Koma inali imodzi yokha mbali yonse ya Chiuta, ndipo komiti ya makhansala inati iyendera madoko ione komwe utsi wavuta kwambiri. Kwa ena inali nkhani ya chitukuko. Kwa ine inali nkhani yoti achemwali achoke pa uvuni akadali ndi mpweya.

Martina, mtsikana wa bungwe lija amene ankatithandiza njira za kukhonsolo, anandiimbira foni. "Mayi Fauziya, abwera Lachinayi. Chonde musasinthe kanthu. Akupezeni mmene mumakhalira tsiku ndi tsiku."

"Iwe mwana, ukufuna kundiphunzitsa ine?" ndinamuyankha motero. "Gona tulo."

Nditakauza anzanga, Che Twalibu, wapampando wa komiti ya doko, anagwira ndevu. "Alendo olemekezeka akuchokera kutali, afikire pa phulusa ndi mamba a nsomba? Akamapita akatinena chiyani? Kodi ndife anthu osaleredwa?"

Amayi onse anati eee, n'zoona. Kwathu kuno mlendo sumuonetsa mphasa yong'ambika. Ngakhale wagona ndi njala, akakufunsa umati Alhamdulillah, tili bwino, kenako umakabwereka nkhuku kwa mnzako. Tinabadwira momwemo. Ndipo ndisanamizire Che Twalibu okha: tsache loyamba ndinaligwira ndine. Ndinali nditatopa ndi dzina loti "a kumwaye" lomwe amatitchula m'madoko ena. Ndinkakumbukiranso mayi wina wa m'minibasi ya ku Liwonde yemwe anatseka mphuno ndi mpango nditakhala pambali pake, n'kufunsa kondakitala ngati wakweza thumba la mlamba. Ndinati makhansala amenewa aone kuti nafenso ndife anthu. Mawu a Martina ndinawaika pansi pa mphasa.

Tinasesa doko lonse mbee. Milu ya zitsononkho ndi maukonde otha tinakaibisa kuseri kwa bango. Mauvuni, akuda bii aja, tinawazira ndi dothi loyera mpaka anaoneka ngati nyumba za akwati. Miyala ya m'mbali mwa njira tinaipaka laimu. Tinagwirizana kuti Lachinayi pasapezeke woyatsa moto, utsi ungalowe m'masuti a alendo. Koma mlendo sabwerera chimanjamanja, ndiye pankafunika milamba yowamba bwino yoti adye ndi yoti anyamule. Dzanja labwino padoko lonse ndi la ndani? La a Lukiya. Anakhala pa uvuni kuyambira kumayambiriro kwa sabata, ndipo pofika Lachitatu chifuwa chinali chitakula moti ankagwira khoma akamatsokomola.

Lachinayi m'mawa tinayala mikeka ndi mipando pa chisakasa chomwe chili kuseri kwa nyumba yathu. Khoma lokha ndilo limalekanitsa. Tikuyala choncho, chifuwa cha a Lukiya chinamveka m'nyumba, chija chochokera pansi pa mimba. Amayi anayang'anizana. Mmodzi anandikodola. "Nanga zimenezi, alendo akudya?"

Ndinalowa m'nyumba. Ndinawapeza atavala kale chitenje chachikasu cha gulu lathu, akumanga mpango wake wachikasu.

"Achemwali," ndinatero, maso anga ali pa ndowa, "lero bwanji mupumuleko m'nyumba muno? Kunjaku kuli fumbi."

Fumbi lake liti, titasesa ndi kuwaza madzi? Anandiyang'ana pang'ono, n'kumasula mpango uja bwinobwino, kuupinda. "Chabwino, mng'ono wanga. Kalandire alendo ako."

Magalimoto anafika dzuwa litakwera. Tinawachingamira ndi nyimbo, nthungululu zili wee, zitenje zachikasu zokhazokha. Woyamba kutsika anali Martina. Anayang'ana miyala ya laimu, anayang'ana mauvuni oyera, anayang'ana kumwamba kopanda utsi, kenako anayang'ana ine. Ine ndinakweza nyimbo.

Wotsogolera komiti anali Khansala Jasten, bambo wamtali wofatsa, ndipo sindinganame kuti anali munthu woipa. Anatipatsa moni. "Muli bwanji kuno kudoko?"

"Tili bwinooo!" Doko lonse, ngati ana a sukulu.

Tinawayendetsa. A khansala anaima pa uvuni wa a Lukiya, anapititsa chala pakhoma lake, chala chinabwerako choyera. Anasuzumira mkati, mosesedwa. Ananunkhiza mpweya, kamphepo ka kunyanja kokhakokha.

"Mayi Fauziya, utsi munkatisokosera nawo ku Liwonde uja uli kuti?"

Ndisanayankhe, Che Twalibu analowerera chifuwa chili patsogolo. "Iyayi bwana, kuno timadzisamalira. Ukhondo ndi mbali ya chipembedzo chathu."

"Zikuoneka," anatero a khansala. "Nanga nkhuni mumazipeza kuti?"

"Mulungu amapereka, bwana."

Apa m'pamene ndinayamba kuona dzenje lomwe tinakumba ndi matsache athu. Koma ukayamba kuvina pamaso pa alendo, umasiya bwanji ng'oma ili pakati?

Tinakhala pa chisakasa, madzi osamba m'manja anazungulira, milamba inabwera. A khansala ananyema, anatafuna, anatsinzina. "Aaa, koma abale! Wawamba ndani nsomba iyi? Dzanja limeneli lisadzasiye ntchito." Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, Mulungu andikhululukire.

Atasamba m'manja anafunsa funso lomwe ndinaliyendera misonkhano yonse ija. "Tisanapite, tiuzeni zoona. Alipo padoko pano amene akudwala chifukwa cha utsi?"

Doko lonse linatembenukira kwa ine. Martina anandiyang'ana ngati akundikoka ndi chingwe. Yankho linali kuseri kwa khoma lomwe ndinalitsamira. Koma ndinene bwanji, pamaso pa amuna achilendo, pamaso pa apongozi ndi ana, kuti mayi amene anandilera amalavula magazi? Ndinene kuti nsomba mwangodyayi yawambidwa ndi munthu amene ndamutsekera m'nyumba? Ndinatchera khutu kukhoma. Mtima wina unkati, achemwali tsokomolani, tsokomolani kamodzi kokha mundiyankhire. Mtima wina unkati, chonde musayerekeze. M'nyumbamo munali zii. Chiyambire chaka chino sindinamvepo nyumba yathu ili chete choncho.

"Ndi zifuwa za apo ndi apo, bwana," ndinatero. Ine amene! Fauziya wolankhulira pakhomo uja.

A khansala anagwedeza mutu. Anati dzulo lake anali padoko lina kumtunda, ndipo anachokako maso ali psuu, malaya akununkha mpaka kunyumba. Kumeneko amayi sanaimbe nyimbo. Anangowaimika pakati pa mauvuni akufuka, n'kuwabweretsera odwala awo mmodzimmodzi kuti awaone. "Inu mwatilandira bwino, ndipo doko lanu ndi chitsanzo," anatero. "Koma tenti ndi imodzi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikaiika komwe kwavuta. Inu pitirizani mmene mukuchitiramu."

Ena anaombanso m'manja, osamva n'komwe kuti taluza. Che Twalibu anali kale pa ntchito yopereka mitolo ya milamba kwa alendo, aliyense wakewake. Martina anadutsa pafupi nane, osakwiya, osakweza mawu. "Mayi Fauziya, mwasesa umboni wonse." Bola akanandimenya mbama.

Mkwiyo wanga umachedwa nthawi zina, koma ukafika umafika wonse. Zitseko za magalimoto zikutsekedwa, china chake chinaduka m'mutu mwanga. Ndinati zaulemu zathera pano. Ndikawatenga achemwali, ndiwabereka kumsana ngati n'kofunika, ndikawaimika kutsogolo kwa galimoto, aone dzanja lomwe akuti lisasiye ntchito. Ndinathamanga kuzungulira khoma, chitenje chikundikola m'miyendo, ndinakankha chitseko.

Pamphasa panalibe munthu. Ndinawapeza pakona ya kuchipinda, kutali kwenikweni ndi khoma la kuchisakasa, atagwada, mutu uli pakati pa matumba a chimanga. Mpango wachikasu uja anali ataupindapinda n'kuulowetsa m'kamwa, dzanja lina likuukanikiza. Msana wonse unkagwedezeka. Ankatsokomola ndithu, nthawi yonse ija ankatsokomola, koma chifuwacho chinkathera mu nsalu. Maso anali atatuluka, misozi ili chuchuchu mpaka m'khosi.

"Achemwali!" Ndinagwada, ndinawachotsa mpango m'kamwa. Unali wonyowa, ndipo chikasu chija chinali ndi madontho ofiira. Anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Kunja injini zinalira, nyimbo yotsanzikana inayamba, magalimoto ananyamuka. Kuwadzutsa achemwali sindikanatha.

Atapezako mpweya anandigwira dzanja. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono.

"Apita?"

"Apita, achemwali."

"Sanandimve, eti? Ndayesetsa, mng'ono wanga. Ndimaopa kukuchititsa manyazi pa alendo ako."

Ndalankhulapo pamaso pa mabwana, ndakanganapo ndi makondakitala, ndazazirapo asodzi oledzera. Koma apa ndinangoyang'ana mpango uja m'manja mwanga.

"Sanakumveni, achemwali."

Anamwetulira, anatsamira thumba la chimanga. Kenako anandifunsa ngati machesi alipo m'nyumba muno, oti mawa ayatsire uvuni.