Chithunzi cha Shoua pa Chipata

Pa koleji yathu kuno kudziko la azungu, ophunzira digiri yachiwiri alipo makumi anayi. Osakhala azungu ndi atatu, ndipo awiri mwa iwo amaphunzira pa intaneti, sitinawaonepo n'komwe. Choncho chilichonse chofuna nkhope ya mtundu wina chimagwera Shoua Vang, mwana wa alimi a ndiwo a mtundu wa Hmong, wochokera kumaiko akum'mawa, amene ine ndimamuyang'anira pa kafukufuku wake wa nthaka.

Zaka ziwiri mwanayu sanapume. Amujambula atagwira fosholo, amujambula akuseka ndi buku la phunziro lomwe satenga, amuika m'makomiti anayi. Kukabwera alendo a boma, a Lindqvist, mkulu wa maphunziro apamwamba, ankatumiza uthenga: "Tibwerekeniko Shoua kwa ola limodzi." Ola lawolo linkatha dzuwa litapendeka. Ndinkanyinyirika, koma chapansipansi, poti ntchito nanenso ndimaifuna.

Lamulo la pano ndi lakuti pepala la kafukufuku lifike ku ofesi Lachisanu lomaliza la Epulo, 12 koloko isanakwane, aphunzitsi atatu atasaina ndi cholembera, osati pa kompyuta. Ukaphonya, udikira chaka chamawa. Shoua anali atalonjezedwa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, bola digiri ituluke mu Meyi. Wosaina wachitatu anali a Lindqvist. Anadzipereka okha, ati kuonetsa chitsanzo.

Lachinayi, tsiku lomalizalo lili mawa, ndinawapeza pakhonde akukoka sutikesi.

"Bwana, pepala la Shoua lija mwawerenga?"

"Lili pamwamba penipeni pa mulu. Ndiliona Lolemba."

"Lolemba n'kutali. Cholembera ichi, sainani pompano."

"Kusaina chinthu chosawerenga? Inunso a Kowalke, mbiri ya sukulu mukuiika pati?" Anaseka n'kundisisita paphewa. "Ndikukalandira mphoto ku mzinda wa Madison. Pa zithunzi zomwe ndikaonetse kumeneko, cha mtsikana wanuyo ndiye choyamba."

Ndinagogoda ofesi iliyonse. Mayi Dorene, mlembi wathu, anandimvera chisoni, koma anati lamulolo analiika ndi a Lindqvist omwewo, ndipo wolifewetsa ndi iwo okha. Foni ya a Lindqvist inali yozima.

Lachisanu Shoua anakhala pabenchi kunja kwa ofesi, pepala losainidwa kawiri lili pamiyendo, mpaka belu la tchalitchi linalira 12 koloko. Sanagwetse msozi. Anandipatsa pepalalo n'kudzuka.

"Aphunzitsi, ntchito ija aipereka kwa wina basi. Ndikathandize amayi kumunda, anyezi sadikira munthu."

"Ubweranso mu Seputembala?"

"Ndibwererenji? Si uyo ndilipo kale," anatero akuloza pazenera.

Pachipata, amuna awiri anali pamakwerero akumangirira chinsalu chatsopano choitanira ophunzira. Pachinsalupo panali Shoua, wamtali ngati nyumba, akumwetulira, atavala mkanjo ndi chisoti cha omaliza maphunziro zomwe anamubwereka tsiku lojambula.